Mawa Ndi Mayeso ku Iloilo

Mvula ya ku Iloilo ilibe manyazi.
Inayamba Lolemba, lero ndi Lachinayi,
ndipo buku langa la maphunziro a utsogoleri
lafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi.
Masamba amatana pa mutu wachisanu ndi chimodzi,
pomwe amati mtsogoleri azidziwa kugawa ntchito.
Ndawamatula ndi mpeni wa kukhitchini,
mawu ena atsalira pa mpeniwo.

Masana ndimawerengera anthu chenji ku famase ya ku Jaro.
Madzulo ndimakwera jipini,
maondo anga kugundana ndi maondo a eni ake,
kope lili pamiyendo,
dalaivala akaponda buleki mzere umandithawa papepala.
Ndimafika ku koleji Mayi Gatchalian atafufuta kale bolodi.
"Mwachedwanso, Nenita," amatero osatembenuka,
ngati ali ndi maso kunkhongo.

Anandisankha kutsogolera gulu lachinayi.
Sindinapemphe ayi.
Ndinangoyetsemula pamene ena onse anali chete.
Ndiye ndili ndi Efren, mlonda wa kudoko,
amene amagona ali tsonga, cholembera chili chiimire m'manja.
Ndili ndi Dalisay, wa mwana woyamwa ndi foni yosweka galasi.
Ndili ndi Jomar,
amene uthenga uliwonse amauyankha ndi kachithunzi ka chala choimika,
koma gawo lake la lipoti
palibe analionapo ndi maso.

Sabata yatha ndinakonza ndandanda yokongola,
timabokosi, mitundu ya inki, ola lililonse ndi ntchito yake.
Ndinaimata pakhoma pafupi ndi kalendala.
Mpaka lero oitsatira ndi nyerere zokha.

Usiku wathawu magetsi anazima ndili pa mutu wachisanu ndi chitatu.
Madzi analowa m'nyumba osaodira,
masilipasi a mwana wanga nkumayandama
ngati akupita kokacheza kwa aneba.
Ndinakweza mabuku pamwamba pa firiji,
ndekha ndinakwera patebulo,
nkumaloweza ndi tochi ya foni mitundu inayi ya utsogoleri.
Itatu ndinaigwira.
Wachinayi unkangopulumuka ngati mlamba m'manja onyowa.

Kenaka foni inalira. Jomar.
Osati kachala kaja, koma mawu enieni, onjenjemera:
kope lake lapita ndi madzi,
denga la mayi ake lasasuka theka,
ndipo akuti basi, za sukulu zathera pomwepa, Lachisanu sabwera.
Ndinatsegula buku kuti lindiuze chonena.
Mutu wotsatira unkakamba za bajeti.

Ndinangoti, usadule, peza chilichonse cholembapo.
Ndinamuwerengera notsi zanga mzere ndi mzere,
iye akulemba pa katoni ya sopo,
akundiimitsa, akuti bwerezani, mvula ikusokosa,
ine ndikubwereza,
mpaka batire inafa pakati pa liwu.
Sindikudziwa ngati analimaliza yekha liwulo.

Mawa ndi mayeso, eyiti koloko.
Mitu iwiri sindinaikhudze nkomwe,
ndipo kubisa sindingabise, mtima ukugunda ngati injini ya boti.
Dalisay wanditumizira zithunzi za masamba omwe ndinaphonya,
zosaoneka bwino, chala cha mwana chatchinga pakona.
Efren akuti akaweruka m'bandakucha sakagona,
adzatidikira pageti ndi khofi ndi mabanzi otentha.
Jomar sananene kanthu.
Wangotumiza chithunzi cha katoni ija,
yodzaza mbali zonse, zilembo zopendama.

Ndayanika buku pachingwe cha m'nyumba,
pakati pa yunifolomu yanga ndi masokosi a mwana.
Likudontha pang'onopang'ono m'beseni,
to, to, to,
ngati nalonso likuloweza.
Mtundu wachinayi uja sindinaukumbukirebe.
Ndatchera alamu folo koloko,
foni ndaitchaja kwa aneba, ili pansi pa pilo,
ndipo kunja mvula ikuyesanso chitseko.